Phunziro: Masewera a Mwazi ku Roma

Mverani mbiri iyi. Aroma akale anali ndi magladiatori, ndiwo makamaka akapolo ndi ogwidwa pankhondo, amene anali kumenyana ndi malupanga pamaso pa khamu. Ku Roma mwambowu unayamba caka ca 264 Khristu asanabadwe, pa maliro a munthu womveka, amuna 6 atamenyana awiriawiri. Pambuyo pake unasanduka masewera, kotero kuti caka ca 80 Mfumu Titus inatsegula bwalo la Colosseum, lokwana anthu ngati 50,000.

M'mabwalo otere munaferanso Akhristu. Caka ca 203, ku Carthago, Perpetua ndi Felicitas Oyera anaponyedwa kwa zilombo, natsirizidwa ndi lupanga.

Augustinus Woyera asimba za bwenzi lake Alypius, amene anzake anamkokera kubwalo. Iye anatsinzina dala, koma pomva kupfuula kwa khamu anapenya, naona mwazi, nayamba kukonda masewerawo kopambana anzake aja.

Dziwani tsono kuti lamulo lacisanu liletsa kupha, liletsanso kukondwera ndi masautso a munthu, pakuti kapolo yemwe analengedwa m'cifaniziro ca Mulungu.

Mafunso: Alypius anagwa bwanji? Nanga inu, anzanu akamamenyana, mumawaleretsa kapena mumaombera m'manja?