PHUNZIRO LA MWEZI UNO: NTCHITO IKATHA M'BANJA

Amayi anzanga, kutha kwa ntchito si chinthu chachilendo kuno ku Phalombe. M'chaka cha 1988 TEBA inasiya kutenga abambo opita kumigodi ya ku South Africa. M'chaka cha 1995 komanso 2018 nyanja ya Chilwa inaphwa, ndipo asodzi ndi amayi ogulitsa matemba anasowa pogwira. M'chaka cha 2022 ADMARC inachotsa antchito ake. Nawonso othyola tiyi ku Mulanje amaimitsidwa mvula ikatha. Tsono funso n'lakuti: tsokali likagwa pakhomo pathu, tichite chiyani?

1. Tisunge mtendere m'nyumba

Munthu wochotsedwa ntchito amachita manyazi, tulo sabwera, ndipo ena amathawira kumowa. Mawu onyoza sabweretsa ufa m'nyumba. Khalani pansi awirinu, muwerenge zimene zilipo: chimanga, ziweto, ngongole ndi fizi ya ana. Anawo auzidwe zoona molingana ndi msinkhu wawo. Ngati munthuyo ayamba kudzipatula kapena kulankhula zofuna kudzipha, musabise, pitani naye kuchipatala msanga.

2. Tidziwe zimene lamulo likunena

Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000, lomwe linakonzedwanso mu 2010, likuti munthu amene wachotsedwa chifukwa chochepetsa antchito, ngati wagwira chaka chathunthu, alandire ndalama za chipukuta misozi. Pa zaka zisanu zoyamba, ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse. Sungani bwino makalata onse a kuntchito, ndipo ngati abwana akuzengereza, kadandauleni ku ofesi ya zantchito ya boma.

3. Ndalama yomaliza ndi mbewu

Ndalama imeneyi ikafika, abale ndi ochita katapila amafikanso. Igaweni patatu: chakudya, sukulu ndi mpamba. Musathire mpamba wonse pa geni imene simunayeseko. Yambani pang'ono, ndipo lembani m'kope zolowa ndi zotuluka tsiku lililonse.

4. Tisachite manyazi kuphunzira ntchito ina

Amene anali kalaliki akhoza kugula nandolo kapena mpunga nthawi yokolola n'kugulitsa mitengo ikakwera. Msodzi akhoza kulima dimba kapena kuyendetsa kabaza. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limaphunzitsa ntchito zamanja monga utelala, ukalipentala ndi kumanga nyumba. Musanasankhe, yendani pamsika wa Migowi muone chimene anthu akufuna koma chikusowa. Tonse tikamakazinga mandasi, adzagula ndani?

5. Tisadalire chinthu chimodzi

Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda ndi katundu wa malonda m'masiku ochepa. Banja limene lili ndi munda, mbuzi ndi masheya ku banki m'khonde silichedwa kudzuka. Koma ngongole ya kugulu ikhale ya geni, osati yogulira zovala. Mutu umodzi susenza denga, choncho mnzathu akaona zotere timuyendere, timugule malonda ake, ndipo tileke kumunena.

Mafunso okambirana pagulu

(a) Kodi ndi luso liti limene aliyense wa ife ali nalo loti angaphunzitse mnzake?
(b) Malipiro ataima lero, banja lathu lingadye miyezi ingati?
(c) Ndi banja liti m'dera lathu limene tikaliyendere sabata ino, ndipo tikanyamule chiyani?