Khansa ya m'kholingo: kodi wodwala angachire mawu ake osatayika?

Kholingo ndiye kabokosi ka pakhosi komwe kamatulutsa mawu. Mpweya umadutsanso momwemo popita m'mapapo, ndipo tikamameza kamatsekeka kuti chakudya chisalowere njira yolakwika. Khansa ya malo amenewa imakonda kugwira abambo achikulire amene akhala akusuta fodya ndi kumwa mowa kwa zaka zambiri, koma amayinso amadwala.

Chizindikiro choyamba kawirikawiri ndi kusasa mawu. Mawu akasasa milungu yoposa 3, musadikire. Zizindikiro zina ndi kumva kuwawa pomeza, chotupa m'khosi, kupuma mobanika ndi kuonda. Dokotala wa makutu, mphuno ndi khosi, monga amene ali ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amayang'ana ndi kachipangizo kounikira, kenaka amadulako kanyama kokayeza.

Kale, khansayi ikakula, njira yodalirika inali kuchotsa kholingo lonse. Munthu ankapuma kudzera pa bowo la pakhosi moyo wake wonse, mawu ake achibadwa atapita. Zinthu zinasintha mu 1991, pamene madokotala a m'zipatala za asilikali opuma ku America anafalitsa kafukufuku wa odwala 332. Ena anawachotsa kholingo, ena anawapatsa mankhwala a m'dripi kenaka n'kuwotcha chotupacho ndi makina a radiotherapy. Patatha zaka 2, m'magulu onse awiri odwala 68 pa 100 alionse anali moyo, koma mwa amene anayamba ndi mankhwala aja, 64 pa 100 anatsala ndi kholingo lawo. Kafukufuku wina wa mu 2003 anapeza kuti mankhwala a cisplatin akaperekedwa nthawi imodzi ndi kuwotchako, chiwerengerochi chimafika 88 pa 100.

Chithandizochi si chopepuka. Wodwala amagonekedwa pa makina masiku 5 pa mlungu kwa milungu 7, ndipo dripi amalandira pa milungu 3 iliyonse. M'kamwa mumatuluka zilonda, malovu amauma, kumeza kumavuta. Cisplatin amatha kuwononga impso ndi makutu, n'chifukwa chake amayamba ayeza magazi. Mano ovunda amazulidwa chithandizo chisanayambe.

Njirayi si ya aliyense. Ngati khansa yaboola khoma lolimba la kholingo, kapena kholingolo laleka kale kugwira ntchito moti chakudya chikulowa m'mapapo, opaleshoni ndiyo imateteza moyo. Khansa ikabwereranso, opaleshoni imachitikabe. Dokotala akalangiza zimenezi, banja lisathawe naye wodwala. Amene wachotsedwa kholingo amatha kuphunzira kuyankhula m'njira zina.

Amayi, pano ntchito yathu ilipo. Wodwala asamadumphe masiku a makina, chifukwa chotupa chimapezerapo mpata wokula. Choncho tisonkherane ndalama zoyendera ndipo tipezeretu womudikirira. Timuphikire phala lamadzimadzi la nsinjiro kapena soya, mazira, mkaka, nthochi ndi mapeyala zopotapota, osati zotentha kwambiri kapena zatsabola. Azimwa madzi pafupipafupi. Fodya ndi mowa aleke ndithu, pakuti kusuta kumachepetsa mphamvu ya chithandizo.

Mafunso okambirana m'gulu:
1. Kodi kwathu kuno munthu akasasa mawu nthawi yaitali timayamba kupita kuti?
2. Tingawauze bwanji amuna athu kapena achimwene athu kuti akayezetse, popanda kuwachititsa manyazi?
3. Gulu lathu lingathandize bwanji banja lomwe lili ndi wodwala ku chipatala kwa milungu 7?