Chopereka cha chilimba chikulembedwa kawiri: vuto lili pati?

FUNSO

Kalata ya mwezi uno yachokera kwa mnyamata wa ku Mtendere amene masana amakhala pa buthi ya mobile money, usiku n'kumaphunzira Java. Amayi ake ali m'gulu la chilimba la azimayi ogulitsa pamsika, ndipo iye anawapangira pulogalamu ya zigawo zitatu: app ya pafoni ya msungichuma, seva yosunga mabuku, ndi kachigawo kolandira uthenga wa malipiro kuchokera ku kampani ya mafoni. Zonse anaziyala m'ma object: Membala, Chopereka, Ngongole.

Pa laputopu yake zimayenda bwinobwino. Koma netiweki ikayamba kudukaduka, chopereka china chimalembedwa kawiri, china osaoneka n'komwe. Mayi wina wogulitsa tomato anauzidwa pagulu kuti sanasonkhe, pomwe uthenga wa malipiro unali m'foni mwawo. "Anzanga akuti ndikufunika middleware," walemba mnyamatayo. "Ndiike iti?"

YANKHO

Mlangizi wathu wa zamakompyuta akuti anzakewo sananame, koma vuto lagona pa kaganizidwe. Object ikakhala m'kompyuta imodzi ndi inzake, ukaiitana imayankha pompo. Ikakhala pa seva yakutali, pamabuka chinthu china: kukhala chete. Foni yatumiza K200, seva yalemba, yankho latayika m'njira. Foni ikuyesa kuti zakanika, ikutumizanso, seva ikulembanso.

Nkhaniyi ndi yakale. CORBA, yomwe bungwe la Object Management Group linatulutsa mu 1991, komanso Java RMI ya mu 1997, zinkafuna kuti kuitana object yakutali kuzioneka ngati kuitana yapafupi. Mu 1994 Jim Waldo ndi anzake a ku Sun Microsystems anachenjeza kuti kuitana kuwiriku sikungafanane, chifukwa uthenga umachedwa ndipo mbali imodzi imatha kufa inayo ili moyo. Amene anakhala mu Lusaka mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti n'kumazima maola ambiri patsiku, sakufunika kuuzidwa zimenezi.

Middleware ili ngati ankhoswe: imanyamula mawu pakati pa mbali ziwiri, kuwasunga mbali ina ikakhala kulibe, n'kuwafikitsa m'chinenero chomwe onse agwirizana. Mnyamatayu amaigwiritsa ntchito tsiku lililonse pa buthi yake. Ndalama ikachoka ku Airtel Money kupita ku MTN MoMo kapena ku banki, imadutsa pa National Financial Switch, yoyendetsedwa ndi ZECHL, kampani ya Bank of Zambia ndi mabanki. Boma nalo lili ndi Government Service Bus, yolumikiza makompyuta a maunduna osiyanasiyana.

Gulu la chilimba silifuna chimakina chotere. Choyamba, akutero mlangiziyo, chopereka chilichonse chipatsidwe nambala yakeyake pafoni pomwepo chisanatumizidwe. Seva ikaona nambala yomwe inalandira kale, ivomere koma isalembenso. Chitsanzo chili pakhoma m'nyumba zambiri za ku Mtendere: token ya ZESCO ya manambala 20, ukailowetsa kachiwiri, mita siionjezera mayunitsi. Ichi chokha chithetsa kulembedwa kawiri, ndipo n'chantchito ya madzulo amodzi.

Zopereka zotayikazo zikufuna mzere wodikirira. App isunge chopereka mu SQLite pafoni, ichilembe kuti "chikudikira", ndipo isachichotse pamzerepo mpaka seva itavomera. Ku seva nako, uthenga wa kampani ya mafoni uyambe wasungidwa usanawerengeredwe. RabbitMQ, yomwe inatuluka mu 2007 ndipo ndi yaulere, imagwira bwino ntchitoyi, ngakhale tebulo wamba mu database lingakwanire pa gulu laling'ono. Kafka, yomwe LinkedIn inapangira mauthenga ochuluka zedi, ingomudyera ndalama za seva.

Ma object akewo asawataye, ndi abwino mkati mwa chigawo chilichonse. Koma pakati pa foni ndi seva pazidutsa uthenga umodzi wathunthu wa JSON wonena membala, ndalama, tsiku ndi nambala ija, osati kufunsa dzina padera, ngongole padera, bando n'kumatha. Akumbukirenso kuti manambala a foni ndi ngongole za azimayiwo n'zotetezedwa ndi Data Protection Act ya 2021.

Asanaibwezere pulogalamuyo kwa msungichuma, aiyese mwankhanza: atumize chopereka, azimitse data pakatikati, ayatsenso, abwereze kakhumi, kenako afananize mabuku ndi sitetimenti ya mobile money. Akakakamira, ku BongoHive, komwe opanga mapulogalamu a mu Lusaka akhala akukumana kuyambira 2011, angapezeko omuunikira. Za mayi wa tomato uja, mlangiziyo akuti mnyamatayo apite ndi amayi ake pamsonkhano wotsatira, sitetimenti ili m'manja, akawayeretse dzina pamaso pa gulu lomwelo.