Botolo la usiku ndi mano a mwana: mafunso ndi mayankho

Wowulutsa: Makalata achuluka sabata ino, omvera athu, ndiye tisataye nthawi. Adokotala a mano tili nawo muno. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina ku Ndirande, akuti: "Mwana wanga ali ndi zaka 2 ndi miyezi 3 koma sagona popanda botolo. Ndimathiramo tiyi wamkaka, masiku ena Sobo. Ndikamulanda amalira mpaka aneba kugogoda khoma. Pano mano akutsogolo ayamba kuda. Nditani?"

Dokotala: Pepani mayi, ndipo si inu nokha. Ndiyambe ndi makolo ena amene akumvetsera: mawa kukacha, mutengereni mwana powala, mukweze mlomo wake wam'mwamba, muyang'ane pamene dzino lakumana ndi nkhama. Kuwola sikuyamba ndi kuda ayi. Kumayamba ndi kamzere koyera ngati choko, kenako chikasu, kenako dzino limada n'kuyamba kubenthuka. Kamzere koyerako tikakapeza msanga, dzino limatha kulimbanso. Koma poti mano a mwana wanu ada kale, mayi, pitani naye kwa a mano kuchipatala sabata yomwe ino, musadikire kuti ayambe kulira ndi dzino.

Chimachitika n'chiyani? M'kamwa mwa aliyense muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Tikapeza shuga timatulutsa asidi, ndipo asidiyo ndi amene amadya dzino. Masana malovu amatsuka m'kamwa, koma munthu akagona malovu amachepa kwambiri. Mwana akagona botolo lili kukamwa, tiyi uja amangokhala pa mano am'mwamba mpaka tambala kulira. Am'munsi amapulumukako chifukwa lilime limawaphimba. Ndipo musati mkaka ndiye ulibe mlandu: wa ng'ombe ndi wam'chitini womwe uli ndi shuga wake wachilengedwe.

Mwana amatha kuyamba kumwera m'kapu ali ndi miyezi 6, ndipo botolo liyenera kutha akamakwanitsa chaka, kuchedwetsetsa miyezi 18. Wanuyu wapitirira, ndiye tichite chonchi. Sobo ndi tiyi m'botolo zithe lero lomwe, pamenepo palibe kukambirana. Ngati simungathe kumulanda kamodzin'kamodzi, thiranimo mkaka wosathira shuga, ndipo usiku uliwonse muziwonjezera madzi n'kuchepetsa mkaka, mpaka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mukhale madzi okhaokha. Ana ambiri akaona kuti mulibe chokoma amalitaya okha. Mkaka wake amwe m'kapu nthawi ya nsima yamadzulo, kenako mswachi, kenako kukagona. Mswachi ukadutsa, chololedwa ndi madzi basi.

Kulira kudzakhalapo, ndisakunamizeni. Koma mwana wa zaka 2 amene wadya bwino madzulo salirira njala, akulirira chizolowezi. Mberekeni, muimbireni, musisiteni kumsana. Chimene chimagwetsa makolo ambiri n'chakuti mayi akana, koma bambo, pofuna tulo, adzuka pakati pa usiku n'kukapanga botolo mwakachetechete. Gwirizanani nyumba yonse, agogo ndi antchito omwe, ndipo anebawo muwauziretu. Zopaka tsabola pa botolo zija, iyayi, n'kuzunza mwana chabe.

Wowulutsa: Agogo ena ku Mchinji sakugwirizana nazo. Akuti: "Ife tinalera ana 7 popanda mswachi. Manowa amaguluka okha n'kumera ena. Kuvutikiranji?"

Dokotala: Agogo, mwalankhula zoona mbali imodzi: amagulukadi. Koma ana anu aja ankayamwa bere n'kumadya phala, sankagona ndi Fanta kukamwa, ndipo masuwiti sankapezeka pakhomo lililonse ngati lero. Komanso manowa saguluka msanga. Mwana amakhala ndi mano oyamba 20. Akutsogolo amayamba kugwedera ali ndi zaka pafupifupi 6, koma akumapeto otafunira amakhala nawo mpaka zaka 10 kapena 12. Dzino likabooka ali ndi zaka 3, ndi zaka zingati za ululu? Mwana wotero amakana kudya, kusikelo amatsika. Mafinya a pamuzu amathanso kuwononga dzino lachikulu limene likukula pansi pake. Ndipo tikalizula nthawi isanakwane, anzake amasendera pampatapo, lachikulu limadzasowa pomera n'kutulukira pambali.

Wowulutsa: Yomaliza, mwachidule adokotala, nthawi yatithera. Bambo wina ku Mzuzu akuti mwana wawo wa chaka chimodzi amameza mankhwala otsukira mano, ndipo akufunsanso ngati mayi ake asiye kumuyamwitsa usiku.

Dokotala: Bere asasiye. A zaumoyo amalimbikitsa kuyamwitsa mpaka zaka 2 kapena kupitirira, ndipo ine sinditsutsa. Chofunika n'chakuti mano azitsukidwa kawiri pa tsiku kuyambira pamene loyamba latuluka, ndipo mwana akagona, mayi achotse bere kukamwa. Za kumezazo, vuto ndi muyezo. Wosakwana zaka 3, pakani kochepa ngati njere ya mpunga. Wa zaka 3 mpaka 6, ngati njere ya nandolo. Onani pa chubu kuti palembedwa fluoride. Akatha alavule, koma asachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pa mano. Ndipo mswachiwo muzigwira ndinu, bambo, mpaka adzafike zaka 7 kapena 8.