Azakhali, ana anga ndimangowaonera pampanda



Ndine bambo wa ana awiri, wamkulu ali sitandade 4, wamng'ono sanayambe sukulu. Banja lathu linatha chaka chatha kubwalo la majisitireti. Khoti linagamula kuti ana azikhala ndi mayi awo, ine ndizipereka chithandizo mwezi ndi mwezi, ndipo sindinakane. Koma kuchokera pamenepo kuona ana anga kwasanduka nkhondo. Ndikaimba foni akuti agona. Ndikapita Loweruka, apongozi amandiimitsa pageti n'kunena kuti ana apita kwa amalume awo. Tsiku lina ndinamuona wamkuluyo akundisuzumira pabowo la mpanda, ine nditanyamula jumbo ya mabisiketi ndi nsapato zomwe ndinamugulira pakaunjika. Ndinabwerera nazo.

Ndinakadandaulanso kukhoti, koma amangosintha masiku: lero a majisitireti kulibe, mawa failo sikuoneka, mkuja mayiwo sanabwere. Chifukwa cha ukali ndasiya kupereka ndalama, ino ndi miyezi itatu. Anzanga akuti makhoti amakondera akazi, ndiye ndingopita kusukulu n'kukamutenga mwanayo poti ndi magazi anga. Nditani Azakhali?

Ine wodandaula, ku Chilomoni

Mwana wanga wa ku Chilomoni,

Khala pansi kaye, upume. Za pampandazo zandigwira mtima, ndipo apongozi akowo akulakwa, ndikunena mosapsatira. Koma ndisanalire nawe ndifunse: anzako akukupatsa nzeruwa, zamalamulo anaphunzirira kuti? Pabawo? Amenewo tsiku lomwe apolisi adzakutsekere m'chitokosi sadzakubweretsera ngakhale phala. Khoti likagamula kuti mwana azikhala ndi mayi ake, iwe n'kukamunyamula kusukulu mwakabisira, kumeneko n'kunyoza khoti, ndipo mlandu womwe ukanapambana udzaupereka wekha m'manja mwa apongozi.

Tsono izi zosiya kupereka ndalamazi. Iwe, chithandizo cha mwana si tikiti yolowera ku Kamuzu Stadium yoti ukapanda kuonera mpira akubwezere. Mwana amadya kaya wamuona kaya sunamuone. Ukuganiza kuti ukulanga mayi ake, koma amene akupita kusukulu chimanjamanja ndi yemwe ankakusuzumira uja. Ndipo tsiku la mlandu, usanatsegule n'komwe pakamwa, mbali inayo idzayambira pomwepo: "Bwana, miyezi itatu sanapereke ngakhale tambala." Udzayankha kuti chiyani, kuti unali ndi ukali?

Ndikukayikira chinthu chimodzi. Katenge pepala la chigamulo lija uliwerenge bwinobwino. Muli mawu onena tsiku ndi nthawi yoti uziona ana? Abambo ambiri tsiku lothetsa banja amatha mpweya wonse kulimbirana firiji, matiresi ndi wailesi yakanema, za ana n'kungoti "tizikambirana". Muzikambirana ndi ndani, munthu woti simukupatsana ngakhale moni? Ngati m'pepalamo mulibe kanthu, apongozi akakubweza pageti palibe chomwe ungawagwire nacho.

Njira ilipo. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, la Child Care, Protection and Justice Act, limalola kholo lomwe silikukhala ndi mwana kukapempha kubwalo la milandu ya ana kuti lizimuona nthawi ndi nthawi. Nalo gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino likuti mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo. Wamvetsa koma? Ufuluwo ndi wa mwana. Ndiye ukakaima pamaso pa a majisitireti usakayambe ndi "magazi anga, magazi anga". Ukafotokoze chomwe anawo akutaya posaonana ndi bambo awo.

Zoti makhoti amakondera akazi, pali pomwe zimachokera. Lamulo lomwelo limauza khoti kuti liganizire kufunika koti mwana, malinga ndi msinkhu wake, akhale ndi mayi ake. Limaonanso maganizo a mwanayo, kuti ana apachibale asamwazikane, ndi kuti mwana asamangosamutsidwa uku ndi uku. Choncho zoti akupatse ana onse awiri azikhala kwako, wamng'onoyo ali msinkhu umenewo, usaziyembekezere kwambiri. Koma kukhala ndi mayi n'kwina, kubisidwa kwa bambo n'kwinanso. Apongozi akowo mwina akuyendera za chikamwini, zoti ana ndi mbumba ya amalume, mkamwini ukwati ukatha anyamule thumba lake azipita. Ku Mzimba komwe amalowola, amene amalira chonchi kawirikawiri ndi amayi. Khoti silifunsa kuti kwanu n'kwachikamwini kapena n'kolowola. Limafunsa chomwe chikomere mwana.

Ukapita, usakapemphe zachimbulimbuli zoti "ndiziona ana anga". Ukatchule: Loweruka liti pamwezi, kuyambira nthawi yanji mpaka nthawi yanji, muzipatsirana kuti, patchuthi cha sukulu azibwera masiku angati, Khrisimasi ino akadyera kwa ndani, foni uziimba tsiku lanji. Ngati pageti paja pamabuka phokoso, pemphani kuti muzipatsirana ana kwa ankhoswe kapena kwa munthu wina amene nonse mumamulemekeza. Zonsezo zilembedwe, zidindidwe, iwe utenge pepala lako.

Ndalama usamaperekenso pamanja kapena kutumiza kudzera mwa mlamu. Tumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, mauthengawo usafute. Malisiti a fizi, yunifolomu ndi mankhwala uziika muenivelopu imodzi. Gula kope, uzilembamo tsiku lililonse lomwe wabwezedwa ndi yemwe wakubweza. Ndipo dziwa ana ako, iwe! Mphunzitsi wa wamkuluyo dzina lake ndani? Wamng'onoyo anamaliza katemera? Nsapato zija unadziwa saizi, kapena unangoyeza ndi maso? Bambo wina amafuula kuti amakonda ana ake, kumufunsa tsiku lobadwa la mwana n'kuyamba kuyang'ana kudenga.

Ngati loya sungamukwanitse, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu ngati iwe, ndipo sanalembe pakhomo kuti amuna asalowe. Pitanso kuofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma. Iwowo amatha kukuitanani nonse awiri, ngakhalenso kukaona momwe ana akukhalira n'kuuza khoti. Zosinthasintha masikuzo zimatopetsa, ganyu imaima, ya minibasi imatha, koma mlandu suola. Usajombe ngakhale tsiku limodzi, sunga nambala ya mlandu wako, ndipo usachoke pabwalopo kalaliki asanakuuze tsiku lina. Wina akakunong'oneza kuti failo ioneka ukapereka ya fanta, usayerekeze. Chigamulo chikadzakuipira, apilo imapita ku High Court, osati ku Facebook.

Katsala kamodzi, ndipo usandipsere mtima. Palibe chomwe wandibisira? Sunkamenya? Sunapiteko pagetipo utaledzera n'kuyamba kutukwana? Ngati zilipo, kavomere wekha ndipo ukalole ngakhale kuyamba kuona anawo pali munthu wina. Akadzakupatsa Loweruka lakolo, usadzatenge chibwenzi chatsopano n'kumati "perekani moni kwa amayi anu", ndiponso usadzamusandutse mwana kazitape womufunsa kuti kunyumba kumabwera ndani usiku.

Nanunso amayi amene mukuwerenga uku mukumwetulira, ndikukuonani. Mwamunayo anakulakwirani inu, mukwiyireni mpaka mutope, koma ngati sachitira ana nkhanza, tsegulani geti. Iwe wa ku Chilomoni, Lolemba m'mawa uyambe watumiza za miyezi itatu zija, kenako upite kukhoti ndi enivelopu yako. Ukatenga chigamulo udzandilemberenso.

Azakhali