Kodi mabakiteriya angateteze mazira?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi kuno ku Thambani, m'boma la Mwanza. Ana a m'kalasi mwanga amakhulupirira kuti mabakiteriya onse amayambitsa matenda. Ndinamva kuti pali nyama ya m'nyanja yamchere yomwe imapaka mabakiteriya pa mazira ake. Kodi n'zoona? Mphunzitsi, Thambani.

Yankho: N'zoona ndithu, aphunzitsi. Nyamayo ndi squid, ija anzathu a ku Beira amati lula. Yaikazi ili ndi kachiwalo pafupi ndi njira ya mazira, momwe mumakhala mabakiteriya ochokera m'madzi a m'nyanja. Ikakhwima, kachiwaloko kamafiira chifukwa cha mabakiteriyawo. Poikira, imawasakaniza mu utomoni wokuta mazira, n'kusiya mazirawo pansi pa nyanja popanda wowalondera.

Ku yunivesite ya Connecticut, gulu la Spencer Nyholm linachita kafukufuku pa squid yaing'ono ya ku Hawaii. Mazira omwe anawathira mankhwala opha mabakiteriya anachita nkhungu ya mtundu wa Fusarium, ana ambiri n'kufera momwemo. Osathiridwa mankhwala aja anaswa bwinobwino, chifukwa mabakiteriyawo amatulutsa zinthu zoletsa nkhungu kumera.

Nyanja yamchere ili kutali ndi Mwanza, koma ndikufunitsitsa ana a m'kalasi mwanu aone ndi maso awo ntchito ya mabakiteriya othandiza. Pitani nawo kumunda, mukazule mtedza kapena nandolo, muwaonetse timatuza ta pamizu. Mukang'amba kamodzi ndi chikhadabo mupeza mkati mofiirira. Mmenemo muli mabakiteriya omwe amatenga nayitrojeni mumpweya n'kudyetsa mbewu. Sankhani mbewu yomwe yayamba maluwa, ndipo muzule mosamala dothi likadali lonyowa kuti timatuzato tisathothoke.