Phunziro 14: Kulamula ndi Kulamulira

Werengani ziganizo ziwiri izi mokweza:

Aphunzitsi aakulu analamula ana kuti asese pabwalo.
Aphunzitsi aakulu alamulira sukulu yonse.

Mau akuti kulamula ndi kulamulira acokera ku tsinde limodzi, -lamul-, koma sanena cinthu cimodzi. Kulamula ndi kuuza munthu mwamphamvu zoti acite. Ana akasesa pabwalo, nkhani yatha. Kulamulira ndi kukhala ndi mphamvu pa anthu kapena pa zinthu masiku ambiri, mwina zaka. Kacidutswa kakang'ono ka -ir- ndiko kasintha tanthauzo. Ana ambiri amakaiwala polemba, ndipo ciganizo cimatuluka cina.

Pa tsinde lomweli pabadwa maina awa: lamulo, malamulo, ulamuliro ndi wolamulira. Timati lamulo ili, malamulo awa, ulamuliro uwu. Munthu amene ali pansi pa mnzake timati alamulidwa. Amene alibe wina pamwamba pake timati adzilamulira.

Ku msika wa Kapata mau awa amveka mwa njira ina:

"Nkhuku iyi mwalamula zingati, amai?"
"Handiredi fifite, mwana wanga."
"Ah, yadula! Cotsaniko pang'ono."
"Ni tambala wamkulu uyu, nyamula uone."

Apa palibe amene akakamizidwa. Kulamula kwa pamsika ndi kuchula mtengo, ndipo wogula angathe kukana ndi kupita pa thebulo lina.

Si anthu okha amene amalamulidwa. Mu Chipata muli njinga zambiri zonyamula anthu ndi katundu. Wopalasa akatsika citunda mabuleki atafa, timati walephera kuilamulira njinga. Pa bwalo la mpira, timu imene isunga mpira nthawi yaitali yalamulira masewera, ngakhale isanamwetse cigoli. M'miyezi ya Juni ndi Julaye mphepo yozizira ya mwera ndiyo ilamulira. Mphepo ilibe pakamwa poti ilamule munthu. Tanthauzo lake ndi lakuti yaposa zina zonse.

Kugonjetsa ndi kulamulira

Mau ena amene asokoneza ana ndi akuti kugonjetsa. Kugonjetsa ndi kupambana mnzako pa nkhondo, pa ndeo kapena pa mpikisano. Kumabwera coyamba, kulamulira kumatsatira pambuyo. Mbiri ya Chipata ionetsa bwino kusiyana kumeneku.

M'caka ca 1835 Angoni anaoloka mtsinje wa Zambezi motsogoleredwa ndi Zwangendaba, kucokera kum'mwera. Patapita zaka, mwana wake Mpezeni anafika ndi anthu ake m'dera lino. Ankhondo ake anagonjetsa midzi yambiri ya Ansenga ndi Acewa, ndipo Mpezeni anayamba kulamulira. Koma m'nyumba munacitika zina. Amuna ambiri acingoni anakwatira akazi acinsenga, ndipo ana anakula akulankhula cinenero ca amai ao. Ndiye cifukwa cake Cingoni cimene cilankhulidwa lero ku Feni ndi ku Mtenguleni cifanana kwambiri ndi Cinsenga. Mau a makolo a Angoni atsala makamaka m'nyimbo za ngoma ndi m'zitamando za mafumu. Mikondo inagonjetsa, koma pa mtondo ndi pa maphikiro Cinsenga ndico cinalamulira. Cinenero cakale ca Angoni cinali pa ubale ndi Cizulu, ndipo m'Cizulu mau akuti ukulamula atanthauza kuleretsa anthu amene ali kumenyana.

Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi anafika ndi mfuti zamphamvu. Angoni anali ndi mikondo ndi zishango. Mtsogoleri wa ankhondo anali Nsingo, mwana wa Mpezeni. Nkhondo siinatenge nthawi yaitali. Angoni anagonjetsedwa, ng'ombe zao zambiri zinalandidwa, ndipo Nsingo anagwidwa ndi kuomberedwa mu Febuluwale caka comweco.

Kugonjetsa kunathera pamenepo. Kulamulira kunali kutangoyamba. Kampani ya British South Africa Company inamanga boma lake pamalo pamene inacha Fort Jameson, pomwe pali Chipata lero. Inaika malamulo ake, ndipo inalamula amuna kuti azikhoma msonkho wa ndalama. Amuna ambiri anasiya minda ndi mabanja ao kukafuna ndalamazo kutali, ena mpaka ku migodi ya ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Mwambo wa Nc'wala unaleka. M'caka ca 1924 kampaniyo inapereka dziko m'manja mwa boma la Britain. Wolamulira anasintha, koma eni dziko anapitiriza kulamulidwa.

Pa 24 Okutobala 1964 dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira, ndipo Kenneth Kaunda anakhala mtsogoleri woyamba. Yang'anani kacidutswa ka -dzi- m'mau akuti kudzilamulira. Ndi komweko kamene kali m'mau akuti kudzisamba ndi kudziphikira. Kaonetsa kuti wocita ndi wocitiridwa ndi mmodzi. Pambuyo pa ufulu dzina la Fort Jameson linacotsedwa. Nc'wala inayambanso m'caka ca 1980, ndipo icitika ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale.

Yankhani mafunso awa

1. Kodi amai a ku msika wa Kapata analamula ciani?
2. Kucokera mu 1898 kufika mu 1964 panapita zaka zingati?
3. N'cifukwa ciani Cingoni ca ku Feni cifanana ndi Cinsenga?
4. Sankhani mau oyenera pakati pa analamula, analamulira ndi anagonjetsa:
a) Anyakwawa __________ kuti ng'ombe zisalowe m'madimba.
b) Anyamata a Giredi 6 __________ a Giredi 7 ndi zigoli ziwiri.
c) Angerezi __________ dziko lino zaka zambiri.

Zocita kunyumba

Funsani ambuya anu kapena wamkulu wina wa m'mudzi kapena m'komboni mwanu za lamulo limodzi limene linalipo iwo ali ana koma lero kulibe. Afunseni amene analiika ndi cilango ca wolilakwira. Lembani ziganizo zisanu, ndipo mudule mzere kunsi kwa mau onse ocokera ku tsinde la -lamul-.